Mmene mungakwerere ku Preikestolen, thanthwe la pamwamba pa Lysefjord, n'kutsikako muli bwinobwino

Pa anthu amene amabwerako ku Preikestolen ali okhumudwa, madandaulo ake sasiyana kwenikweni. Wina anafika pamwamba n'kupeza nkhungu yokhayokha, osaona ngakhale dontho la madzi pansi. Wina anabwerera pakati pa njira mapazi atachita matuza. Wina anatsika mochedwa n'kupeza basi yomaliza itapita kalekale. Onsewa anaona chithunzi chokongola pa intaneti n'kuganiza kuti akupita kumalo ojambulitsirako, kuiwala kuti akupita kuphiri.

Preikestolen ndi thanthwe lafulati, la mamita pafupifupi 25 m'litali ndi 25 m'lifupi, lomwe linatulukira kunja pa phompho la mamita 604 pamwamba pa madzi a Lysefjord, kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Norway. Dzinali limatanthauza gome lolalikirirapo, ndipo mukaliona chakumbali mumvetsa chifukwa chake. Fjord ndi nyanja yamchere yopapatiza ndi yakuya imene inalowerera m'kati mwa dziko pakati pa mapiri. Iyi ya Lysefjord ndi yaitali makilomita 42. Ulendo wapansi ndi wa makilomita pafupifupi 8 kupita ndi kubwera, ndipo munthu wamphamvu zake amayenda maola anayi, osawerengera nthawi yopuma ndi yokhala pamwamba.

ZOFUNIKA KUNYAMULA

Nsapato ndiye nkhani yaikulu. Zikhale zolimba, zokhala ndi mano kunsi, ndipo ngati n'kotheka zogwira akakolo. Njira yambiri ndi ya miyala, ndipo mwala wonyowa suchitira chisoni nsapato yosalala kunsi. Musavale zatsopano zimene mwagula dzulo lake. Ziyambeni mwayenda nazo kwa sabata imodzi kapena ziwiri kuti zizolowerane ndi phazi.

Zina zonse zilowe m'chikwama chobereka kumsana, manja anu akhale opanda kanthu:

- jekete yosalowa madzi, yotchinganso mphepo
- juzi yofunda, makamaka yaubweya
- malaya amkati owuma msanga, ndi ena apadera osinthira pamwamba
- masokosi ochindikala, ndi ena apadera m'kajumbo
- chipewa chofunda ndi magolovesi, ngakhale ili nyengo yotentha
- madzi akumwa, lita imodzi ndi theka munthu aliyense
- kamba wokwanira: buledi wopaka, nthochi, mtedza, chokoleti, ndi tiyi wa m'fulasiki ngati mungathe
- pulasitala wa matuza ndi bandeji
- foni yodzaza moto ndi batire lapadera lotchajira
- tochi yovala kumutu ngati mudzayamba kusanache kapena mukukayika kuti mudzatsika dzuwa lilipo
- kajumbo kotayamo zinyalala zanu
- khadi la kubanki, poti ku Norway pafupifupi chilichonse amalipira pa khadi

Jinzi ndi malaya athonje zisiyeni kumalo ogona. Thonje likanyowa ndi thukuta siliwuma msanga, ndipo mphepo ya pamwamba ikalipeza limasanduka chigamba chozizira chomatirira pathupi. Ambulera nayo siithandiza, mphepo imaitembenuza. Ndodo zoyendera n'zabwino kwa amene mawondo amawavuta potsika, koma si zokakamiza.

MUSANANYAMUKE

1. Sankhani mwezi woyenera. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Mu Juni ndi Julaye usana ndi wautali modabwitsa: dzuwa limatuluka cha m'ma 4 kapena 5 koloko m'mawa ndipo limalowa 10 koloko usiku itadutsa. Koma miyezi ya Julaye ndi Ogasiti ndi imenenso anthu amadzaza, pakuti pachaka pamafika alendo oposa 300,000. Ine ndikanasankha kumayambiriro kwa Juni kapena mwezi wa Seputembala.

Chenjezo: m'nyengo yozizira njira imakutidwa ndi chipale chofewa komanso madzi oundana, ndipo mu Disembala kumawala maola pafupifupi 6 okha. Nthawi imeneyo musapite nokha. Pamafunika munthu wodziwa njira wokutsogolerani ndi tizitsulo tamano tomangirira kunsi kwa nsapato.

2. Konzani mapepala nthawi ilipo. Norway ili m'gulu la mayiko a Schengen, mayiko a ku Ulaya amene amalowedwa ndi viza imodzi, choncho wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amafunika viza ya Schengen. Apa ndi pamene abale athu okhala ku Britain amapunthwa kawirikawiri: chilolezo chokhala ku Britain sichikulowetsani ku Norway, ngakhale kuti ndege yochokera ku London kukafika ku Stavanger siitenga ngakhale maola awiri athunthu. Pofunsira viza amafunanso inshuwalansi ya paulendo, ndipo muwerenge bwino ngati ikuphatikizapo ngozi za kuphiri.

3. Dzipatseni masiku awiri kapena atatu ku Stavanger. Uwu ndi mzinda waukulu wapafupi, ndipo bwalo lake la ndege lili ku Sola. Tauni yaing'ono yoyandikana kwambiri ndi phirili ndi Jørpeland. Chifukwa chokhalira masiku angapo n'chakuti musankhe tsiku lowala. Dera limeneli ndi la m'mbali mwa nyanja yaikulu ndipo mvula yake siipangana ndi munthu. Amene amagula tikiti ya tsiku limodzi lokha ndi amene amakakamira kukwera mumvula, poti alibenso mwayi wina.

4. Onani zanyengo kawiri, madzulo ndi m'mawa mwake. Eni dziko amadalira yr.no. Lembanimo dzina lakuti Preikestolen, osati Stavanger, chifukwa mumzinda kumatha kuwala pamene kuphiri kwatseka. Muone zinthu zitatu: mvula, mphamvu ya mphepo, ndi mitambo yotsika. Kamvula kamawawa, konga chiperoni, sikoletsa ulendo ngati mwavala bwino. Mphepo yamphamvu ndiyo yoopsa, pakuti pamwamba palibe chogwira. Mukafika poyambira, funsaninso ogwira ntchito pamenepo mmene kulili kumtunda. Safunsa anadya phula.

5. Dziwani mmene mukafikire poyambira ndi mmene mukabwerere. Kale anthu ankawoloka pa boti kuchoka ku Stavanger kupita ku Tau. Kuyambira Disembala 2019 pali msewu wodutsa pansi pa nyanja, ngalande ya Ryfylke ya makilomita 14.4, ndipo ulendo wonse wa pa galimoto sukwana ola limodzi. M'nyengo ya alendo pamakhala mabasi ochoka ku Stavanger kukafika poyambira penipeni. Gulani tikiti yopita ndi yobwera, ndipo nthawi ya basi yomaliza muilembe papepala, osati m'mutu.

Ngati mwabwereka galimoto, kumbukirani kuti ku Norway amayendetsa kudzanja lamanja ndipo magetsi amayaka usana ndi usiku. Ngalandeyo ndi yolipira; makamera amajambula nambala ndipo ndalama imadzakupezani kudzera kwa amene anakubwereketsani galimoto. Malo oimikapo galimoto nawonso ndi olipira ndipo amadzaza msanga.

TSIKU LA ULENDO

6. Lawirirani. Yambani kuyenda isanakwane 7 koloko m'mawa. Mabasi akuluakulu akayamba kutsitsa anthu dzuwa litakwera, njira imakhala ngati ya kumsika, ndipo pamalo opapatiza mumangoima kudikira otsika adutse. Njira ina ndi kuyamba chakumadzulo, cha m'ma 4 koloko, m'miyezi ya usana wautali. Koma zimenezi n'za amene ali ndi galimoto yawo, osati odalira basi. Musananyamuke uzani munthu wina kumene mukupita ndi nthawi imene mukuyembekeza kubwera.

7. Malizani zonse poyambira. Njira imayambira pafupi ndi nyumba ya alendo ya Preikestolen, m'mbali mwa kanyanja ka Revsvatnet, pamtunda wa mamita pafupifupi 270. Lowani kuchimbudzi pompo, chifukwa kumtunda simukapeza. Dzazani mabotolo pa mpopi. Madzi a pampopi ku Norway ndi abwino kumwa, palibe chifukwa chogulira. Mangani zingwe za nsapato mwamphamvu.

Chenjezo: musayambe mutavala zonse. Vulani juzi muike m'chikwama, muyambe mukumva kachisanu pang'ono. Chitunda choyamba chimayamba nthawi yomweyo ndipo pakangotha mphindi 10 mudzakhala mukutuluka thukuta.

8. Tsatirani chilembo T chofiira. Chinapentedwa pa miyala ndi pa milu ya miyala njira yonse. Ndi chizindikiro cha bungwe la anthu oyenda m'mapiri ku Norway, la DNT. Palinso zikwangwani zoonetsa mtunda umene mwayenda ndi umene watsala. Lamulo lake ndi losavuta: mukayenda kanthawi osaona T, imani, mubwerere pamene munamuona komaliza. Musatsatire munthu wakutsogolo mwachimbulimbuli, nayenso akhoza kukhala kuti wasochera kapena akupatuka kukadzithandiza.

9. Gawani mphamvu zanu molingana ndi njira. Apa ndi pofunika kukhalitsapo, chifukwa ambiri amanamizidwa ndi masamu. Amachotsa 270 pa 604 n'kupeza kuti akwera mamita 334 okha. Zoona zake njirayi imakwera, n'kutsika, n'kukweranso, moti mukaphatikiza zitunda zonse kupita ndi kubwera mumakwera mamita pafupifupi 500.

Chigawo choyamba ndi chitunda chokhotakhota m'nkhalango. Chimakhwimitsa mpweya ndipo ena amataya mtima pomwepa, kuganiza kuti njira yonse ili chomwechi. Siili chomwechi. Yendani pang'onopang'ono moti muzitha kucheza ndi mnzanu osadukiza mawu. Mukamalephera kumaliza chiganizo, ndiye kuti mukuthamanga.

Kenako njira imalowa m'dambo lotchedwa Krogebekkmyrane, mmene anayalamo timilatho ta matabwa. Apa miyendo imapuma, koma matabwa akanyowa amaterera koopsa. Musapondenso m'mbali pofuna kupitirira anzanu: mutitimira m'matope mpaka m'akakolo, ndipo zomera za m'dambomo zikapondedwa zimachedwa kuphukanso.

Mukatuluka m'dambo mukumana ndi Neverdalsskaret, chitunda chowawa kuposa zonse. Ndi mpata wokwera pakati pa miyala ikuluikulu, mmene muli masitepe a miyala amene amisiri a mtundu wa Sherpa ochokera ku Nepal anayamba kuyala mu 2013. Ntchito yawo ndi yogometsa, koma masitepewo si ofanana: ena ndi aafupi, ena amafika m'bondo. Pondani phazi lonse, osati zala zokha. Pumani pang'ono pafupipafupi kusiyana ndi kukhala pansi nthawi yaitali mpaka thupi kuzizira. Mukapuma, patukani pambali kuti ena adutse. Mukamaliza chitunda chimenechi, zovuta zambiri zatha.

Pamwamba pake mitengo imachepa ndipo mumayenda pa matanthwe oyera mpaka kufika pa timaiwe ta Tjødnane. Awa ndi malo abwino odyera kamba pang'ono ndi kumwa madzi. Kukatentha anthu ena amasambiramo. Ndinayesapo kuviikamo phazi lokha, ndipo ndinalitulutsa msanga kuposa mmene ndinaliviikira. Valani jekete musanachoke pamenepa, chifukwa kutsogolo kulibenso chotchinga mphepo.

10. Pamphambano ya kumapeto, sankhani njira mogwirizana ndi mtima wanu. Ina imadutsa m'mbali mwa phompho n'kukafika pathanthwe penipeni. Inayo imakwera kaphiri n'kukutulutsirani pamwamba pa thanthwelo, pamene mumaliona lonse lili pansi panu. Ya m'mbali mwa phompho ndiyo imayenda anthu ambiri, ndipo pena ndi pena ndi yopapatiza. Yendani chakukhoma la phiri. Musajambule mukuyenda, mukafuna chithunzi, imani kaye miyendo yonse iwiri. Ngati muli ndi ana, kuyambira pano agwireni dzanja ndipo iwo akhale mbali ya kuphiri.

PAMWAMBA

11. Mukangofika, valani kaye musanatulutse foni. Vulani malaya onyowa, muvale owuma, juzi ndi jekete. Ngakhale pakati pa Julaye, mphepo ya pamwambapa imatha kuluma kuposa Juni wa ku Dedza, ndipo munthu wonyowa ndi thukuta amayamba kunjenjemera pakangotha mphindi zochepa.

12. Dziwani kuti palibe mpanda. Anthu a ku Norway anasankha kusiya chilengedwe mmene chilili, ndipo amayembekezera kuti aliyense adzisamala yekha. Palibe mlonda wokukokani malaya. Mukafuna kusuzumira pansi, vulani chikwama, mugone chafufumimba patali ndithu, kenako mukwawe pang'onopang'ono mpaka maso okha atulukire. Pobwerera kwawaninso chambuyo musanaimirire, chifukwa chizungulire chimakonda kubwera pamene munthu akudzuka. Thanthwe likanyowa kapena mphepo ikamawomba mwa apo ndi apo, musayandikire m'mphepete n'komwe.

Mudzaona anthu atakhala pamphepete, miyendo ili lendelende. Ena amadumpha kuti awajambule ali m'malere. Musatengeke. Chithunzi chojambulidwa mutaima mamita atatu kuchokera pamphepete chimaoneka chimodzimodzi ngati wojambulayo waima pamalo oyenera. Ndipo wojambula ndi amene ali pangozi yaikulu, chifukwa amabwerera chambuyo maso ali pa foni. Yang'anani kumbuyo musanasunthe phazi.

Pathanthwepo pali mng'alu wodutsa chopingasa umene umaopsa anthu ambiri. Akatswiri a miyala amauyeza ndipo anthu amaloledwa kuyendapo. Ingosamalani kuti foni kapena phazi zisalowemo.

13. Imani pamzere wojambulitsa, kapena musiye. Pakona ya thanthwe yotchuka pojambulitsa anthu amafola, ndipo masana mzere umatalika. Palibe wouyang'anira koma aliyense amaulemekeza. Kulowerera kutsogolo ndi mwano waukulu kumeneko. Gwirizanani ndi wokujambulani musanafike kutsogolo, mujambulitse ziwiri zitatu, muchokepo. Kunena chilungamo, chithunzi chabwino kwambiri sichili pamzerepo. Kwerani kaphiri ka kumbuyo kwa thanthwe, ulendo wa mphindi zochepa, ndipo mudzaona gome lonse, anthu ali ngati nyerere, ndi Lysefjord itatambalala mpaka kutali. Kuulutsa tindege tojambulira popanda chilolezo n'koletsedwa.

14. Mukapeza nkhungu, musathamangire kutsika. Khalani pamalo obisika patali ndi mphepete, mudye, mumwe tiyi, mudikire theka la ola kapena ola ngati mwafunda bwino. Nthawi zambiri mitambo imang'ambika mwadzidzidzi, madzi n'kuonekera pansi kwa kanthawi kochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma muike malire: nthawi yotsika ikakwana, tsikani, kaya mwaona kaya simunaone.

KUTSIKA

15. Kutsika kupatseni maola awiri athunthu, ofanana ndi kukwera. Miyendo imakhala yatopa, maganizo ali kale pa chakudya chamadzulo, ndipo apa ndi pamene anthu amabinya mapazi. Mangitsaninso zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo. Pa masitepe a Neverdalsskaret tsikani chammbali pamene pali patali, mawondo opindika pang'ono, ndipo musachite manyazi kugwira mwala ndi dzanja. Musathamangire basi. Kuli bwino kulipira takisi yodula kusiyana ndi kutsitsidwa pa machira.

16. Pakachitika ngozi, imbani 112, kapena 113 ngati ndi zachipatala. Nenani chikwangwani cha mtunda chimene mwadutsa komaliza kuti akupezeni msanga. Mufunditseni wovulalayo ndipo asakhale pamwala wozizira popanda choyala. Foni siigwira paliponse, choncho mungafunike kusuntha pang'ono kapena kutuma wina. Ambiri mwa amene amabwera kudzapulumutsa anthu m'mapiri a ku Norway ndi ongodzipereka, osiya ntchito ndi mabanja awo, ndiye musawaitane chifukwa chongotopa.

17. Tsikani ndi zinyalala zanu zonse, makoko a nthochi ndi mapepala omwe. M'njira mulibe motayamo.

ZOLAKWA ZIMENE ANTHU AMABWEREZABWEREZA

Choyamba ndi kuvalira chithunzi m'malo movalira phiri. Ngati mukufuna kujambulitsa mutavala chitenje chanu chokongola kapena malaya a timu yanu, palibe choletsa. Zinyamuleni m'chikwama, mukavale pamwamba, mukatha muvule. Koma kuyenda makilomita 8 pa miyala mutavala nsapato za ku ukwati n'kudzizunza.

Chachiwiri ndi kunyoza njirayi chifukwa munakwerapo phiri lalikulu. Amene anafikapo pa Sapitwa, mamita 3,002, sadzavutika ndi mpweya kuno, n'zoona. Koma ku Mulanje mumakhala ndi wokutsogolerani wodziwa mwala uliwonse, mwinanso wokunyamulirani katundu. Kuno chikwama ndi chanu, njira mudzipezera nokha, ndipo kuzizira kwake n'kwa mtundu wina.

Palinso kusiyana m'njira. Gulu limanyamuka limodzi, achinyamata n'kuthamanga, wamkulu n'kutsala yekha kumbuyo, madzi ndi kamba zili m'chikwama cha amene ali kutsogolo. Woyenda pang'onopang'ono ndiye akhale patsogolo, ndipo aliyense anyamule madzi ndi jekete yake.

Ena amasokoneza Preikestolen ndi malo ena otchuka. Mwala wopanikizika pakati pa matanthwe awiri, umene anthu amaimapo, ndi Kjeragbolten. Uli pa Lysefjord pomwepo koma chakumapeto kwake, ndipo njira yake ndi yaitali komanso yovuta kwambiri. Thanthwe losongoka ngati lilime ndi Trolltunga, lili kudera lina kutali, ndipo ulendo wake ndi wa tsiku lonse. Onetsetsani dzina pa tikiti ya basi musanalipire. Chimodzimodzinso maboti oyendera alendo ochokera ku Stavanger: amakudutsitsani pansi pa thanthwe kuti mulione muli pamadzi, koma sakukwezani pamwamba.

Kudalira foni pa chilichonse nako kumagwetsa anthu m'mavuto. Tikiti ili mufoni, mapu ali mufoni, tochi ndi foni yomweyo, ndiyeno mwajambula mavidiyo njira yonse. Kuzizira kumamaliza batire msanga. Isungeni m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, ndipo muzimitse intaneti mukamakwera.

Chomaliza ndi kukakamira. Munthu amawerengera ndalama za viza, za ndege ndi za malo ogona, n'kunena kuti zivute zitani afika basi, ngakhale mphepo ikumukankha kapena bondo layamba kutupa. Pa malamulo a m'mapiri amene ana a ku Norway amaphunzira pali lina lonena kuti munthu abwerere nthawi ilipo, ndipo kubwerera si chamanyazi. Musanayambe kukwera, gwirizanani ndi anzanu ola lobwerera. Ngati basi yomaliza ikunyamuka 6 koloko madzulo, ola limenelo ndi 3 koloko, kaya mwafika pathanthwe kaya mukadali pa Tjødnane.